Malo Anga mu Mzere wa a Ziba

1980: Mzimba

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza ndinakusimbirani kale pakamwa, choncho pano ndiyambira pa ntchito. Nditamaliza sukulu ya sekondale ndi maphunziro a miyezi ingapo a zosamalira anthu, boma linandituma ku Mzimba, dera limene ndinkangolimva pa wailesi. Ndinafika nthawi yozizira ndi sutikesi imodzi, Chitumbuka ndisakuchidziwa ngakhale moni. Ofesi yathu inali chipinda chimodzi kuseri kwa maofesi a bwanamkubwa. Munali tebulo, taipilaita yosowa chilembo chimodzi, ndi bwana wanga a Chirambo, bambo wamtali wosapupuluma, amene ankatembenuza maenvulopu akale kuti agwirenso ntchito. Mapepala ankatha, mafuta a galimoto ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo maulendo ambiri ndinkayenda pa njinga yamoto imene anandiphunzitsa okha pabwalo la mpira, ana a sukulu akuseka. Ndi iwo anayamba kunditchula kuti NyaPhiri, monga atchulira akazi kuno, ndipo dzina la Naphiri linatsalira ku Dedza.

Patapita zaka ziwiri ndinakwatiwa ndi bambo anu, amene panthawiyo ankaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale pa boma. Akwawo anapereka ng'ombe kwathu, amalume anga n'kuzilandira modabwa, pakuti ife sitikwatira motero. Nditapita koyamba kumudzi kwawo ku Champhira, alamu anga a NyaZiba, azakhali anu aakulu aja, anandikhazika pansi n'kundiuza malamulo. Apongozi aakazi anali atamwalira kale, ndiye iwo ndiwo anali mayi wa pakhomo. Anati apongozi aamuna, agogo anu, ndisawatchule dzina, ndisadye pamaso pawo, ndisayandikire khola iwo ali pomwepo, ndipo koposa zonse ndisalankhule nawo mwachindunji. Chilichonse chofuna kuwauza chinkadzera mwa alamu angawo kapena mwa bambo anu. Ndinasunga zimenezo popanda kudandaula. Agogo anu anali atapuma pa ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa, ndipo ndinkawadziwa ndi chifuwa chawo komanso kuseka kwawo, zonse ndikuzimvera kutali.

1987: Kumalire

Nkhondo ya ku Mozambique itakula, anthu anayamba kuwoloka malire mwaunyinji, makamaka m'maboma a kumwera ndi pakati. Kulikulu anafuna antchito odziwa madera amenewo, ndipo ine anandibwereka kwa miyezi isanu ndi iwiri kuti ndikathandize kumalire a kwathu ku Dedza. Inu awiri oyamba ndinakusiyani ndi azakhali anu. Ntchito yanga inali kulemba mayina a ofika kumene, kuwapatsa makhadi, ndi kuyang'anira pogawa ufa, nandolo ndi mabulangete. Malole akachedwa, ndine ndinkaima pamaso pa anthu kuwauza kuti abwerenso mawa, ndipo nthawi zina mawalo ndinkanenanso zomwezo. Anthuwo ankalankhula Chichewa chonga cha amayi anga, mifunda yawo inali yathu yomwe, kotero kuti kuwabweza chimanjamanja kunkandivuta kuposa anzanga ochokera kutali.

Fomu ya boma inkafunsa dzina, zaka ndi chiwerengero cha ana basi. Ine ndinkawonjezera m'mphepete mudzi wochokera ndi dzina la amalume, chifukwa kwa anthu ngati ife munthu amapezeka kudzera kuchikazi. Mkulu wa pamsasapo anandidzudzula kuti ndikuchedwetsa mzere, koma sanandiletse. Chimene sindinathe kukonza ndi maliro. Anthu ankafa, makamaka ana ndi okalamba, n'kuikidwa mothamanga pa tsala limene eni mudzi anapereka. Mvula ikagwa kawiri, mitumbira inkafanana yonse. Ndinaonapo mayi akuyendayenda pamenepo, akufunsa aliyense ngati akukumbukira pamene anaika mwana wake.

1989: Rozalina

Nditabwerera ku Mzimba ndinkaganiza kuti za othawa nkhondo ndazisiya kumalire. Koma eni minda ya fodya a kuno ankatumiza malole kukatenga antchito kumeneko, ndipo ena mwa othawawo anakwera nawo. Kalata inabwera yoti tiwafufuze m'maesiteti, tiwalembe, ndi kuwalangiza kuti abwerere kumsasa kumene kunali chithandizo. A Chirambo anandipatsa ine ntchitoyo. Pa esiteti ina kumadzulo kwa Champhira ndinapeza mayi wowonda akusankha fodya m'chigafa, akutsokomola, kamtsikana ka zaka zinayi kali pambali pake. Dzina lake linali Rozalina, mwanayo Felista. Mwamuna wake anali atapita ku Zambia kukafuna ganyu chaka chapitacho ndipo sanabwerere. Nditalemba mudzi wake ndi dzina la mlongo wake, iye anandiyang'ana n'kufunsa:

"Nanga inu mayi, mfunda wanu ndani?"

"Ndine Naphiri."

"Ndiye ndinu akulu anga. Inenso ndine Naphiri."

"Aphiri ndi ambiri, mayi," ndinatero.

"Ndi ambiri kwanu. Kuno ndaona inu nokha."

Ulendo wobwerera kumsasa sakanautha. Ndinamutengera kuchipatala cha pa boma, Felista n'kukhala kunyumba kwathu. Anagona m'chipatalamo milungu itatu, ndipo ndinkamupititsira phala m'mawa ndisanalowe mu ofesi. Ankadziwa kuti sachira, ndipo ankadziwanso, chifukwa odwala amauzana, kuti mtembo wopanda mwini umaikidwa ndi akaidi pamalo opanda chizindikiro. Tsiku lina atalephera kumaliza phala anandiuza kuti: "Akulu anga, za ine zatha. Koma mwanayu akadzakula adzafunsa kuti amayi anagona pati. Pakhale poloza." Ine ndinayankha kuti ndamva. Sindinalonjeze, koma ndinadziwa kuti iye wamva ngati lonjezo, ndipo sindinamuwongole.

Anamwalira Lolemba m'mawa. Kalaliki wa kuchipatala anandiuza mwaulemu kuti akapanda kuoneka wachibale pofika Lachinayi, achita monga mwa nthawi zonse. Ndinapita kwa a Chirambo.

"NyaPhiri, ntchito yathu ndi ya amoyo," anatero. "Mwanayo timulembera kalata, apite kumsasa. Za mtembo si za ofesi ino."

"Manda a mpingo wake bwanji, bwana?"

"Ndafunsa kale. Akuti alibe kalata ya mpingo, ndipo palibe amene akumudziwa. Eni esiteti akuti munthu anachoka m'manja mwawo tsiku limene munamukweza galimoto. Inu mulibe mudzi kuno?"

"Ndili nawo wa amuna anga."

"Ndiye mulibe," anatero akumwetulira pang'ono, n'kubwerera ku maenvulopu awo.

Bambo anu anali ku maphunziro a aphunzitsi kumwera kwa mwezi wathunthu. Ndinawatumizira telegalamu, koma ndinadziwa kuti yankho silingafike Lachinayi lisanakwane. Lachiwiri m'mawa ndinakwera basi ya ku Champhira.

Alamu anga ndinawapeza akusenda chinangwa. Atamva nkhani yonse anaika mpeni pansi. Muyenera kudziwa, ngakhale mumaona nokha, mmene manda a kwanu anakhalira: nyumba iliyonse ya a Ziba ili ndi mzere wake, ndipo mzere wa agogo anu ndi waufupi, unatsekeka ndi thanthwe mbali ina ndi mzere wa ang'ono awo mbali inayo. Malo ake anali odziwika kale, a iwo eni, a ana awo aamuna ndi a akazi a anawo.

"Mlamu, mawu amenewo ine sindinyamula," anatero. "M'manda muja ngakhale mkazi amene ng'ombe zake sizinathe kuperekedwa salowamo. Ndiye munthu wa pa esiteti?"

"Ndapota, alamu. Mungowafunsa."

"Pokhapokha tinene kuti ndi mng'ono wanu weniweni, mwana wa amayi anu aang'ono. Mfunda ndi umodzi, akudziwa ndani? Mbwenu tikatero adada, apongozi anuwo, achita manyazi, apempha abale awo."

Ndinaganizira zimenezo, ndipo sindibisa kuti zinandikoka. Koma bodza la ubale silithera pamanda. Akanatuma uthenga wa maliro ku Dedza, amayi anga akanafunsidwa za mwana amene sanamuonepo, ndipo Felista akanakula ndi amalume abodza pamene enieni ndinali nditawalemba m'buku langa. Ndinawauza alamu kuti sindingathe. Iwo anati ndiye nkhani yatha, n'kutolanso mpeni wawo.

Agogo anu anali pansi pa mtengo pafupi ndi khola, akusema mpini wa khasu. Ndinanyamuka, ndinayenda mpaka pamene sindinafikepo zaka zisanu ndi ziwiri, ndinagwada, ndipo ndinati, "Odi, adada." Kumbuyo kwanga ndinamva alamu akuitana dzina langa motsitsa mawu. Agogo anu anasiya kusema n'kuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna kumene mawu achokera.

"Kani mkamwana wanga amalankhula," anatero m'Chitumbuka, kunena ine mkazi wa mwana wawo. "Ine ndimati mwana wanga anatenga wosalankhula, ng'ombe zanga zinapita ulele. Nenani, mama. Mwayamba kale."

Ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana pansi, osawonjeza kanthu. Ndinanena kuti si m'bale wanga, kuti tinangofanana mfunda, ndi kuti ndinamudziwa mwezi umodzi wokha. Anandifunsa ngati anali ndi mwamuna, ngati ng'ombe zinaperekedwa, ndi ngati akwawo angadzabwere ndi mlandu. Ndinayankha zimene ndinkadziwa. Anapalapalanso mpini uja.

"Manda aja si anga ndekha," anatero. "Ndikapempha abale anga malo a mlendo, akana, ndipo sakhala akulakwa. Kumunda sindingaike munthu, adzukulu adzalimapo. Mumzere wa nyumba yanga ndingalankhule ndekha, koma malo onse ali ndi eni. Anga sindingapereke, ndi oyandikana ndi amayi awo a ana. A ana anga si anga. Atsala amodzi amene mwini wake ali pano. Ndi anu, mama, pambali pa mwamuna wanu. Mukawapereka, palibe anganene kanthu, chifukwa ng'ombe zanu zinatha. Koma mumve bwino. Mzere sukula. Tsiku lanu likadzafika, ine kudzakhala kulibe, ndipo sindikulonjezani kuti adzakupezerani pena."

Anandiuza kuti ndipite ndikaganize, ndiwayankhe dzuwa lisanapendeke kuti anyamata adziwe ngati mawa akukumba. Ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe. Inu amene munabadwira kuno mukudziwa tanthauzo la malo amenewo kwa mkazi wobwera. Ndiwo umboni woti sanali mlendo, kuti anakwatiwa mokwanira, kuti ana ake ndi a pamudzi. Ine wochokera ku Dedza, amene akazi anzanga ankandiseka Chitumbuka, ndinkawadalira malo amenewo kuposa mmene ndinkadziwira. Ndinaganiza za bambo anu, amene ndinali kuwachotsera mkazi pambali osawafunsa. Ndinaganiza za inu, kuti mudzavutika ndi mtembo wanga. Alamu anabwera n'kukhala pafupi nane.

"Muli ndi zaka zingati, mlamu?"

"Makumi atatu."

"Ndi chifukwa chake. Mukuona ngati imfa ndi ya anthu ena. Mudzandikumbuka."

Sananame, ndawakumbuka kambirimbiri. Koma ine ndinali ndi mudzi ku Dedza, mpingo pa boma, ana ndi dzina lodziwika. Ndikadzasowa pogona padzakhala anthu okangana za ine. Rozalina analibe ngakhale womukanganira. Ndinabwerera kukhola, ndinagwadanso, n'kunena kuti ndapereka.

"Yewo," anathokoza agogo anu. "Tsono kwawo ndi kuti? Okumba afuna kudziwa kolozetsa mutu."

Funso limenelo sindinalikonzekere. Ndinaimirira, ndinayang'ana kumene msewu waukulu umalowera ku Kasungu, n'kuloza kumwera, mopendekera pang'ono kotulukira dzuwa. Ndikutsitsa dzanja ndinazindikira kuti ndaloza kwathu komwe.

Lachitatu ndinabwerera pa boma. A Chirambo atamva anavula magalasi n'kundiyang'ana kwa kanthawi. Kenaka anati mafuta alipo a ulendo umodzi wokha, alemba kuti ndapita kukayendera maesiteti, ndipo zimene ndinyamule m'galimotomo iwo sanazione. Bokosi anakhoma agogo anu ndi matabwa amene ankasungira chitseko. Tinamuika Lachinayi masana. Anthu anali ochepa: a m'nyumba mwathu, amayi anayi a pa esiteti amene anayenda wapansi, ndi ang'ono awo a agogo anu amene anaima patali manja ali kumbuyo. Alamu anga, amene anakana kunyamula mawu aja, ndiwo anasambitsa mtembo pamodzi ndi ine, ndipo ndiwo anayambitsa nyimbo. Felista ndinamunyamula kuti aponye dothi.

Madzulo a tsikulo, ndisanakwere galimoto, agogo anu anatumiza nkhuku yoyera kwa ine. Alamu anandifotokozera kuti mwa mwambo iwo ndiwo amayenera kuyamba kunditsekula pakamwa ndi mphatso, ndiye poti ndinadzitsekula ndekha, akukonza mbiri yawo. Kuyambira pamenepo tinkalankhulana, ndipo anali munthu wa nthabwala zambiri.

Bambo anu anabwera patatha milungu iwiri, telegalamu ili m'thumba. Ndinawauza tili awiri, nditakonzeka kukalipiridwa. Atamva zonse anati: "Ndiye mwandipezera mitala ya kumanda osandifunsa? Mkaziyo ndi wooneka bwanji?" Tinaseka, koma pambuyo pake anakhala masiku angapo osalankhula bwino. Patapita nthawi anandiuza kuti chinawapweteka si mlendoyo, koma kuti ine ndinavomera kukagona kutali ndi iwo. Ndinapepesa chifukwa chosawadikira. Chifukwa cha manda sindinapepese, ndipo iwo sanandiumirize.

1993: Amalume a Felista

Felista sanapite kumsasa. A Chirambo analemba kuti akusungidwa ndi banja podikira abale, ndipo anakhala nafe zaka zinayi, monga aakulunu mukukumbukira. Ine ndinkalembera anzanga a kumalire, kuwapatsa dzina la mlongo wa Rozalina ndi mudzi wake. Nkhondo itatha, anthu akuyamba kubwerera, kunafika bambo wina wa nsapato za matayala, atanyamula kalata yanga imodzi yothimbirira. Anali a Zakariya, amalume ake a mwanayo. Ndinawafunsa mayina a makolo awo ndi zina zimene Rozalina anandiuza, ndipo anayankha zonse. Mwana anali wawo, ndipo ngakhale zinandiwawa sindinatsutse.

Tisanasiyane ndinapita nawo ku Champhira. Anaima pamanda nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Anafunsa kuti oyandikana nawo ndi ndani, ndipo agogo anu, amene anali atayamba kuyenda ndi ndodo, anawafotokozera mzere wonse, osabisa kuti malowo anali a yani. A Zakariya anatembenukira kwa ine.

"Mayi, nanga inu mudzagona kuti?"

"Zidzaoneka, bambo."

"Ife tilibe choti tingakupatseni. Kwathu kulibe ngakhale denga."

"Mwanayu adziwe njira yobwerera kuno, basi."

Anamugwira Felista dzanja n'kumuyendetsa kuchokera pamanda mpaka pamsewu, kenaka kubwereranso, akumuonetsa thanthwe ndi mitengo. Anachita zimenezo kawiri. Felista anabwerako kamodzi ali mayi wa ana awiri, ndipo sanafunse njira kwa munthu.

Lero

Ndinapuma pa ntchito nditatumikira m'maofesi atatu, koma ndinabwerera kudzakhala pa boma pano. Agogo anu anapita, alamu anga anapita, bambo anu nawonso tinawaika mumzere muja, pambali pa Rozalina. Pamaliro awo ndinamva akazi ena achichepere akunong'onezana kuti manda a pambaliwo ndi a mkazi wawo wachiwiri amene ine ndinkamubisa. Sindinawayankhe pamaliro. Ndalemba pano kuti inu mukhale ndi choyankha.

Ndikudziwanso kuti mwakhala mukukambirana za ine, ngakhale mumasiya ndikalowa. Wina akuti mudzapemphe ana a ang'ono awo a agogo anu kuti asunthe malire, wina akuti mudzaswe thanthwe, ndipo ndamva kuti wina anatchulapo zofukula mafupa a mlendo n'kuwatumiza kwawo. Ndikukupemphani monga mayi wanu kuti zonsezo muzisiye. Abambo anu aang'ono musakangane nawo, pakuti sanakulandeni kanthu. Malowo ndinapereka ndekha, masana, nditauzidwa mtengo wake. Sindinena kuti sizindipweteka. Ndikapita kukalambula pamanda a bambo anu ndimaona pamene ndikanagona.

Ndinapita kale kwa akulu a mpingo wathu pa boma, ndipo anavomera kundipatsa malo m'manda a mpingo. Mlembi wa mpingo akudziwa, mukadzangomuuza. Uthenga mudzatumize ku Champhira poyamba, kenaka ku Dedza, monga mwa dongosolo. Mukadzamanga chiliza cha bambo anu, mudzamangenso cha pambali pake tsiku lomwelo, chofanana kutalika, ndipo mudzalembepo kuti Rozalina Naphiri, amayi a Felista.